Kiyibodi ikulira, akhristu ali chete

Nkhani ya nyimbo za pa Misa ikabuka pakati pa Akatolika kuno ku Mzuzu, sipatenga nthawi anthu asanagawikane pawiri. Akuluakulu amati makwaya a masiku ano asandutsa tchalitchi bwalo la dansi. Achinyamata amayankha kuti agogo akufuna kutibwezera ku Chilatini chimene iwo eniake ankangochiloweza osachimva. Amatsutsana mpaka kukhosi kuuma, kenaka aliyense n'kubwerera kwawo ndi maganizo omwe anabwera nawo. Ine ndikuti mkanganowu ukuphonya pamene pali bala. Vuto lalikulu m'matchalitchi athu a m'tauni ndi lakuti anthu a m'mabenchi asiya kuimba. Kwaya ikuimba, kiyibodi ikulira, masipika akugunda mpaka malata kunjenjemera, koma tembenukani muyang'ane kumbuyo, mupeza milomo yambiri ili yotseka. Ndipo chimene chatseka milomoyo, tisapsatire mawu, ndi kiyibodi yodziimbira yokha ng'oma, pamodzi ndi chizolowezi cha makwaya chofuna kubwera ndi nyimbo yachilendo Lamulungu lililonse.

Tisanapite patali tigwirizane kaye kuti zakale zimene tikunenazi ndi ziti, pakuti zilipo za mitundu iwiri ndipo poyamba sizinkamwerana madzi. Zakale zoyamba ndi za amishonale. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902, ndipo chaka chotsatira, pa 22 Novembala 1903, Papa Pius X anatulutsa chikalata cha nyimbo za m'tchalitchi chotchedwa Tra le sollecitudini. M'menemo anakweza nyimbo za Gregori, nyimbo zakale za Mpingo zoimbidwa m'Chilatini, analola ogani, koma analetsa piyano, ng'oma ndi zoimbira zina zaphokoso. Papayo sankaganiza za ng'oma za ku Nyasaland. Ankalimbana ndi kaimbidwe ka m'nyumba za zisudzo kamene kanalowerera m'matchalitchi a ku Italy. Koma lamulo likatuluka ku Roma limafika ndi kuno, ndipo linapeza amishonale amene anali kale ndi mantha ndi ng'oma chifukwa ankaimva ikulira ku gule wamkulu ndi ku vimbuza. Choncho pamene dera la kumpoto linapatsidwa utsogoleri wakewake wa Mpingo mu 1947, komanso pamene Mzuzu inakhala dayosizi mu 1961 pansi pa Ambuye Jean-Louis Jobidon, Misa inali ikadali ya Chilatini, ng'oma ili panja.

Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha mwambo wa mapemphero, Sacrosanctum Concilium. Aliyense wa mbali ziwiri zija amakonda kutolamo ndime yomukomera. Okonda Chilatini amagwira ndime 116, imene imapatsa nyimbo za Gregori malo oyamba, ndi ndime 120 yolemekeza ogani. Okonda zamakono amagwira theka lachiwiri la ndime 120 yomweyo, lololeza zoimbira zina ngati maepiskopi a dera avomereza. Koma mtima wa chikalatacho uli pa ndime 14, pamene Mpingo ukunena kuti ukufunitsitsa kuti akhristu onse azitenga nawo mbali mokwanira, mozindikira ndi mochitapo kanthu, ndipo ukuti chimenechi chiziganiziridwa patsogolo pa zina zonse. Ndime 119 ikuonjezera kuti mitundu ya anthu imene ili ndi kaimbidwe kakekake, makamaka m'maiko a mishoni, kaimbidweko kapatsidwe ulemu ndi malo oyenera. Mu 1967 malangizo otchedwa Musicam Sacram anafika podzudzula mchitidwe wosiyira kwaya yokha nyimbo zonse za Misa anthu n'kungokhala omvera. Mawu amenewa analembedwa poganizira makwaya a Chilatini a ku Ulaya. Lero akutiloza chala ife.

Apa ndi pamene panabadwa zakale zachiwiri, zimene ine ndikuziikira kumbuyo. Ku Congo, ku Kamina, Bambo Guido Haazen ndi anyamata a kwaya yawo anali ataimba kale Missa Luba mu 1958, mawu a Chilatini pa maimbidwe a Aluba, ng'oma zikulira. Mu 1969 Papa Paulo VI ali ku Kampala anauza maepiskopi kuti Aafirika angathe kukhala ndi Chikhristu cha Chiafirika, ndipo ayenera kutero. Mu 1988 Roma inavomereza mwambo wa Misa wa ku Zaire (dzina la Congo pa nthawiyo), umene Papa Francisko anautsogolera yekha m'tchalitchi cha Petro Woyera mu Disembala 2019. Kwathu kuno asisitere a Poor Clares ku Lilongwe anatchuka ndi mapemphero a ng'oma ndi kuvina kwaulemu, ndipo ku Mua Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976 kuti chikhalidwe ndi chikhulupiriro ziyankhulane. Kumpoto kuno abale athu a mishoni ya Livingstonia anali atatitsogolera kalekale. Ku Embangweni Donald Fraser ankalimbikitsa akhristu Achingoni ndi Achitumbuka kupeka nyimbo pa maimbidwe akwawo, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zimene zikuimbidwabe mpaka pano. Ndiye wachinyamata amene amati nyimbo za ng'oma ndi zachikalekale adziwe kuti makolo ake anachita kulimbana kuti ng'omayo ilowe pakhomo la tchalitchi. Inali nkhani yatsopano, ndipo panali ena amene inkawanyansa.

Nyimbo za m'badwo umenewo zinali ndi nzeru imene tikuitaya osaizindikira. Zinali za woyambitsa ndi ovomera. Mmodzi amaponya mzere, khamu lonse n'kuwakha. Mbali yovomera imakhala yaifupi, yobwerezabwereza, yoti mlendo amene wangotsika basi kuchokera ku Chitipa akaimva kawiri, kachitatu amakhala ali momwemo. Sinkafuna pepala, choncho wosadziwa kuwerenga sankachita manyazi. Mawu apamwamba ndi apansi anthu ankadzipezera okha, monga achitira amayi pa chioda kapena pa visekese.

Ndipo ng'oma imamvera. Amene anakulira m'matchalitchi a kumidzi ya Mzimba kapena Rumphi akukumbukira m'mawa wa mwezi wa Juni, chifunga chili phuu, anyamata atakoleza kamoto ka udzu kuseri kwa tchalitchi. Chikopa chimakhala chitalefuka ndi chinyontho cha usiku. Mnyamata amapendeketsa ng'oma ku moto, n'kumaizunguza pang'onopang'ono kuti isapse mbali imodzi, kugogoda ndi chala, kutchera khutu, kuiwambanso, mpaka ilire momwe akufunira. Akalowa nayo, maso ake amakhala pa woyambitsa nyimbo, makutu pa khamu. Anthu akachedwa iye amachedwa nawo. Mzere wa zopereka ukatalika amaitambasula nyimbo, wansembe akatembenukira ku guwa amaidula pomwepo ndi kugunda kumodzi. Ng'oma ili m'manja mwa munthu amene akupemphera nawo Misa yomweyo.

Tsopano khalani pafupi ndi woimba kiyibodi m'tauni muno, muone manja ake. Nyimbo isanayambe amasankha kaye kagundidwe pa makinawo, nthawi zambiri kofanana ndi rumba kapena reggae, n'kuika liwiro pa nambala imene anayeserera Loweruka. Akadina batani, makina amayamba kuimba okha ng'oma ndi gitala ya besi. Kuyambira pamenepo palibenso kumvera munthu. Kagundidweko kali ngati minibasi imene yanyamuka anthu akadali kukwera: amene wakwera wakwera, wotsala atsale. Gogo amene mpweya wake ndi waufupi amayesa mzere woyamba, wachiwiri wamupitirira, basi amaleka. Anyamata ambiri anaphunzira kuimba pa kiyi imodzi yokha, ndiye amakweza nyimbo ndi batani kuti igwirizane ndi atsikana awiri kapena atatu a mawu okwera amene agwira maikolofoni. Mawu a bambo wamba safika kumeneko. Kuonjezera apo nyimbo iliyonse ili ndi chiyambi chachitali cha makina okhaokha, pakati pali malo oti kiyibodi idzionetse, ndipo ikuyenera kutha monga inathera ku situdiyo. Kangati taona wansembe ataima pa guwa, mkate ndi vinyo zili zokonzeka, akudikira kuti makina amalize?

Ng'oma yeniyeni ija, imene makolo anailowetsa movutikira, m'malo ambiri ili m'kachipinda kosungira mabenchi othyoka, chikopa chitadyedwa ndi makoswe. Sanaichotse ndi azungu. Taichotsa tokha, n'kuika m'malo mwake chifanizo cha ng'oma chochokera m'fakitale.

Wina anganene kuti anthu a m'tauni ndi amanyazi, sakonda kuimba. Ameneyo apite pa maliro ku Chibavi, ku Masasa kapena ku Mchengautuba usiku, pamene amayi a mphakati akuchezera. Palibe buku, palibe sipika, nthawi zina ngakhale magetsi palibe. Amaimba mpaka tambala kulira, nyimbo ina ikatha wina wayambitsa kale ina, ya Chitumbuka, ya Chichewa, ya Chitonga, ndipo achinyamata amene akhala panja pa moto amavomera ndi mawu apansi. Amayi omwewa ndi amene Lamulungu amakhala duu. Mawu ali nawo, nyimbo ali nazo zambirimbiri m'mutu. Tangowachotsera mpata.

Pali zinanso zimene kaimbidwe katsopanoka kakuononga, ndipo izi si nkhani ya zokonda za munthu ayi, ndi malamulo olembedwa kumayambiriro kwa buku la Misa. Mawu a nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu saloledwa kusinthidwa ndi ena, koma timamva nyimbo zimene zangotola mzere woyamba, zotsalazo wopeka n'kudzazamo zake kuti zikwane pa kagundidwe. Salimo la pakati pa mawerengo ndi Mawu a Mulungu, siliyenera kulowedwa m'malo ndi nyimbo ina iliyonse, koma limalowedwa. Wansembe akamanena mapemphero a mtsogoleri, makamaka pemphero la Ukaristia, zoimbira zonse ziyenera kukhala chete, koma kwabwera kachitidwe kotengera kwina koti kiyibodi izilira pansipansi kuti anthu agwidwe mtima. M'nyengo ya Lenti zoimbira zimaloledwa pongothandizira mawu a anthu basi, ndipo pa Adiventi zimayenera kudziletsa. Cholinga chake n'chakuti khutu limve njala masabata asanu ndi limodzi, kuti usiku wa Pasaka mabelu, ng'oma ndi nthungululu zikaphulika pa Ulemu kwa Mulungu, thupi lonse lidziwe kuti Ambuye auka. Ngati Lachitatu la Phulusa likugunda chimodzimodzi ndi Pasaka, mwana amene akukula m'tchalitchimo adzadziwira pati kusiyana kwake? Papa Benedikto XVI analemba mu 2007, m'chikalata cha Sacramentum Caritatis, kuti pa mwambo wa mapemphero sitinganene kuti nyimbo iliyonse ndi yofanana ndi inzake. Ndi mawu olimba, koma aliyense amene wamvapo nyimbo yovinitsa pa Lachisanu Loyera akudziwa kuti ndi oona.

Sindikufuna kuti a kwaya amve ngati ndawatukwana. Ndimawadziwa. Amatsika ku Zolozolo ndi ku Chiputula mvula ya Mzuzu ili pamutu, matope mpaka m'akakolo, kubwera ku mayeserero kawiri kapena katatu pa sabata, popanda wowalipira. Amasonkha okha ndalama za yunifolomu. Pa ukwati ndi pa maliro timawadalira. Koma tinene zoona za chimene chasintha ntchito yawo. Masiku ano kwaya imayezedwa ndi chimbale chimene yatulutsa, vidiyo imene yakajambula m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay, nyimbo yake kumveka pa wailesi, ndi malo amene yapeza pa mpikisano wa makwaya nthawi ya chikondwerero cha Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, mu Novembala. Zonsezi zilibe tchimo. Koma nyimbo yopambana mpikisano imafuna zokhotakhota, mawu anayi olowana movuta, malo oti woimba payekha aonetse luso. Nyimbo yotero ndi yomvera, si yovomera. Ikatengedwa kuchokera pa siteji n'kuikidwa pa nthawi yolandira Ukaristia, anthu mazanamazana amasanduka oonerera. Gulu la Alleluya Band, limene linayamba ku Balaka mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, linaonetsa kuti Akatolika angathe kuimba za magitala zofika dziko lonse, ndipo linatulutsa oimba ngati Paul Banda ndi Lucius Banda. Nyimbo zotere zili ndi malo ake: pa wailesi, pa misonkhano ya achinyamata, pa bwalo la parishi Misa itatha. Pa guwa pamafunika zina.

Chodandaula chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha makolo ndi ansembe amene amati tikazimitsa kiyibodi ana athu athawira ku mipingo ya chipentekoste. M'tauni ya ophunzira ngati ino, pamene achinyamata a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ndi m'makoleji ena amakokedwa mbali zonse, manthawa ndi enieni. Komabe taganizani. Ngati mpikisano uli pa kukula kwa masipika ndi kuthamanga kwa kagundidwe, tagonja kale, chifukwa anzathuwo mapemphero awo onse anamangidwa pa zimenezo ndipo amazichita bwino kutiposa. Wachinyamata amene tamusunga ndi kagundidwe adzachoka tsiku limene adzamve kokoma kuposa kathu tsidya lina la msewu. Chimene chimamanga munthu pa mpingo ndi kumva kuti mawu ake akufunika, kuti iye akapanda kuvomera nyimbo iperewera. Komanso amene amati achinyamata sakonda ng'oma sanaone anyamata a malipenga ku Nkhata Bay kapena a ingoma ku Mzimba. Mupatseni mnyamata ng'oma yabwino ndi munthu womuphunzitsa, muone ngati athawe.

Sindikunena kuti kiyibodi itayidwe ku dzala. Ili ndi mawu a ogani m'kati mwake, ndipo woimba waluso akazimitsa kagundidwe kodziimbira kaja, n'kutsitsa sipika kufikira pamene mawu a anthu akumveka pamwamba pake, imathandiza kwambiri, makamaka m'tchalitchi chachikulu ngati cha St Peter's muno mu Mzuzu. Sindikunenanso kuti tileke kupeka nyimbo. Mpingo umene waleka kupeka wayamba kufa. Koma wopeka adzifunse ngati amayi ake angavomere nyimboyo ataimva kawiri. Mawu ake achokere m'Malembo ndi m'mapemphero a Mpingo, monga ikunenera ndime 121 ya chikalata cha 1963 chija. Nyimbo yatsopano iphunzitsidwe kwa anthu onse mphindi zochepa Misa isanayambe, ndipo ibwerezedwe miyezi ingapo mpaka ikhale yawo. Kwaya imatopa nayo nyimbo pa nthawi yomweyo imene anthu ayamba kuigwira, ndipo apa ndi pamene mtsogoleri wa kwaya ayenera kuugwira mtima.

Kwa okonda Chilatini mawu anga ndi ochepa. Muli ndi mfundo. Mu 1974 Papa Paulo VI anatumizira maepiskopi onse kabuku ka nyimbo zosavuta za Gregori kotchedwa Jubilate Deo, kuti mkhristu aliyense azidziwako pang'ono. M'tauni imene pa benchi limodzi pamakhala Mtumbuka, Mtonga, Mnkhonde, Mlambya, Mchewa ndi wamalonda wochokera ku Tanzania, Sanctus kapena Agnus Dei imene onse akuidziwa ndi chuma. Ndipo nyimbo ya Gregori ndi ya liwu limodzi, yopanda zoimbira, yotsata mpweya wa munthu, motero ili pafupi ndi kaimbidwe ka amayi a pa maliro aja kuposa momwe ambiri amaganizira. Koma kwaya ikatenga Chilatini cha mawu anayi n'kumaimba yokha anthu ali chete, matenda ake ndi omwewo a kiyibodi.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ikukhudza ife olankhula Chichewa amene tikukhala ku Mzuzu, ndipo sitikonda kuikamba. Nyimbo zambiri zojambulidwa zimene makwaya amatengera zimachokera ku Lilongwe, ku Dedza ndi ku Blantyre, ndipo ndi za Chichewa. Zimafika pa foni lero, Loweruka zili pa mayeserero, Lamulungu zili pa Misa, ngakhale Misa ya Chitumbuka. Nyimbo iliyonse yotero ikalowa, ina ya Chitumbuka imatuluka. Ife timamva kukoma chifukwa ndi chinenero chathu, koma tikumbukire mbiri ya malo ano. Mu 1968 boma la nthawiyo linakweza Chichewa ndi Chingerezi, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinabwereranso pa wailesi ya boma mu 1994. Zaka zonsezo malo amodzi amene Chitumbuka chinkamvekabe poyera, chikuwerengedwa ndi kuimbidwa ndi khamu, anali tchalitchi. N'chifukwa chake mkulu wa ku Ekwendeni kapena ku Bolero akamadandaula kuti nyimbo zakale zikutha, nthawi zambiri akudandaula zoposa kaimbidwe. Ife amene tinabwera ndi ntchito, ndi sukulu kapena ndi ukwati tisakhale anthu omalizitsa ndi mafoni athu zimene lamulo la boma linalephera. Kwa eni umayenda mowerama. Misa ya Chichewa ikhalepo kumene ikufunika, palibe woletsa, koma nyimbo za Chitumbuka tiziphunzire ndi kuziimba ndi mtima wonse. Sizovuta. Ana athu amene akusewera ndi anzawo ku Katoto ndi ku Luwinga akuchilankhula kale chinenerocho.

Ntchito yofulumira kuposa zonse ndi yosunga zimene zatsala. Nyimbo zambiri za m'badwo wa ng'oma sizinalembedwe ndi manotsi, zina ngakhale mawu ake sali m'buku lililonse. Zili m'mitu ya akatekisi opuma ndi amayi okalamba a m'miphakati, ndipo maliro alionse a mmodzi wa iwo amapita nazo zingapo. Dayosizi ili ndi wailesi yake, Radio Tigabane, ndipo pafupifupi kwaya iliyonse ili ndi achinyamata a mafoni ojambula bwino. Bambo mfumu aliyense atume achinyamata omwe amaimba kiyibodiwo kuti akakhale pansi ndi akuluakuluwa, ajambule, alembe mawu, afunse kuti nyimbo iyi inkaimbidwa pa gawo liti la Misa ndi nyengo iti, aphunzirenso kagundidwe kake pa ng'oma yeniyeni. Ng'oma zili m'zipinda zosungira katundu zija zitulutsidwe, zikutidwe zikopa zatsopano. Ndipo Lenti ikubwerayi parishi iliyonse iyese kuchita zimene buku la Misa likunena kale: kagundidwe ka makina kazimitsidwe kuyambira Lachitatu la Phulusa mpaka usiku wa Pasaka, kwaya iyambitse, anthu avomere.